Mphini Yachinayi ya Ajadi

Ajadi sankakhazikika. Anabadwira ku Ibadan, nakulira ku Lagos. Matayala anagulitsapo ku Kano, nsalu ku Cotonou. Nyumba zonse zinali za lendi. Sizinkamuvuta, mpaka mwana wake Morenike atapeza mwamuna.

Akuchimuna anatuma azakhali a mnyamatayo, Mayi Tawakalitu, kuti adzafufuze mtundu wa mtsikana. Popanda mawu awo, ukwati panalibe. Ajadi anawapatsa mtedza wa kola. Sanaulume. Anangouponya m'chikwama.

"Bambo a Morenike, kwanu n'kuti?"

"Konkuno ku Lagos."

"Ku Lagos kulibe mwini. Ndi khwangwala yemwe amati kwawo n'ku Lagos. Makolo anu anagona kuti?"

Ajadi ankadziwa chimodzi chokha, chomwe bambo ake ankanena akakhuta: nyumba ya makolo awo, a Olaniyan, ilipo, kumpoto, m'nkhalango imene boma linaitchinga kuti isunge nyama ndi zakale. Iye anali asanapondeko. Anabwereka galimoto. Ananyamuka awiri, iye ndi Mayi Tawakalitu.

Msewu unali fumbi lokhalokha. Pachipata mlonda wa nkhalango anawatsogolera wapansi. Anyani anatulukira pathanthwe.

"Abale anu awo," anatero Mayi Tawakalitu. "Abwera kudzatilonjera."

Ajadi anaseka ndi mano okha.

Nyumba inatulukira mwadzidzidzi kuseri kwa mitengo. Makoma adothi, okhuthala, ofiira. Bwalo pakati. Mphero yokumbika ngati mbale. Mitsuko ikuluikulu yokwiriridwa mpaka m'khosi. Pamwamba a boma anaikapo denga lamalata kuti mvula isagumule. Kutsogolo kwa khonde anamangapo chingwe. Chikwangwani chinati: Nyumba ya banja la Olaniyan.

"Mwaona?" anatero Ajadi.

"Ndaona thabwa. Thabwa silibereka mwana. A Olaniyan ali mbwee dziko lino. Wanga wosoka nsapato nayenso ndi Olaniyan."

Ajadi anayang'ana thabwalo. Anaganiza za Morenike, amene anali atasankha kale nsalu ya ukwati. Akamuuza chiyani?

Mayiwo anayamba kuyenda m'mbali mwa chingwe, kufunafuna choti anyoze. Nsanamira za khonde zinali zosema. Iyi munthu pakavalo. Iyo mayi wobereka mwana. Anaweramira pafupi. Anayang'anitsitsa nkhope zosemazo.

Kenaka anabwera n'kumugwira Ajadi chibwano.

"Tembenukani."

"Mayi, pali anthu."

"Ndati tembenukani. Ndevu zonsezi ngati tonde, mukubisa chiyani?"

Chobisa chinalipo. Ajadi anali ndi mphini, zitatu tsaya lililonse, monga ambiri akwawoko. Koma kumanzere kunali yachinayi, yaifupi, yopendekera kukhutu. Kusukulu ankati anamenyana ndi mphaka n'kugonja. Iye ankakhulupirira kuti dzanja la wotema linanjenjemera. Pojambulitsa ankapereka tsaya lamanja. Ndevu zitamera anazilekerera zikwere.

Mayi Tawakalitu anapatula ndevuzo ndi chala. Anayang'ana tsaya. Anayang'ana nsanamira. Wapakavalo anali nayo, yaifupi, yopendekera kukhutu. Mayi wobereka uja anali nayo. Ndi kamwana kakumbuyo komwe, wosema sanakaiwale.

"Zitatuzi ali nazo aliyense," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Iyi sindinaionepo kwina."

Ajadi anayenda nsanamira zonse, dzanja lili patsaya. Nkhope iliyonse inali nayo. Dzanja la wotema silinanjenjemere. Munthuyo ankadziwa chimene ankalemba.

"Achimwene," anatero Ajadi kwa mlonda, "ndingalowe?"

Mlonda anayang'ana chingwe. Anayang'ana nkhope ya Ajadi, nthawi ndithu.

"Chingwechi tinamangira alendo," anatero, n'kuchikweza.

Ajadi anavula nsapato ndi chipewa. Khomo linali lalifupi, anachita kuwerama. M'kati munali kuzizira, fungo la dothi ndi mileme. Anagona chafufumimba, monga mwana amalonjerera akulu kwawoko. Mawu otamanda mtundu wake sankawadziwa. Anangotchula dzina la bambo ake, lake, ndi la Morenike. Analitchula kawiri la Morenike, kuti alimve bwino.

Atatuluka anapeza Mayi Tawakalitu atatulutsa mtedza wa kola uja. Anaubenthula. Theka anaponya m'kamwa, theka anamupatsira.

"Asewere, sasani mkanjowo, mwaudetsa. Ndipo ndevuzo mumete ukwati usanafike. Anthu akwathu aione mphiniyo."

Pobwerera Ajadi anakhala kumanzere, tsaya la mphini yachinayi lili kuzenera. Zenera anatsitsa lonse, fumbi kapena ayi.