Kapulana za Silvério

Chimene chinkamuwawa Arminda si kuti mwamuna wake ankachedwa pamsewu ayi. Madalaivala onse a ku Moatize amachedwa, poti kamiyau, lole ya malasha ija, ikafika pachipata cha m'malire ku Zóbuè imatha kuima pamzere mpaka mawa lake. Chinkamuwawa ndi kapulana. Márcia, mnzake wa paubwana amene ankagulitsa nsalu pafupi ndi chipatacho, anachita kumuimbira foni kumuyamikira kuti anakwatiwa bwino, chifukwa a Silvério sakhalitsa osagula kapulana yatsopano, ndipo sanenerera. Arminda anayang'ana yosuluka imene anavala, n'kuyankha kuti inde mwali, amandikonda. Atadula foni anaswa mbale.

Chikwatiraneni, bamboyu anali asanamugulirepo ngakhale mpango. Anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa: mowa ayi, ndewu ayi, nkhani ayi. Anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, kumene makolo ake anatsikira kuli chete, ndipo analeredwa ndi adzukulu okonza maliro. Atamwalira bambo ake a Arminda, chaka chomwe eni migodi anawasamutsa ku Bagamoyo, Silvério ndiye anakonza mtembo. Anang'amba kansalu m'mphepete mwa nsalu yofunda, n'kumanga chibwano, mfundo yake n'kuibisa kuseri kwa khutu. Achibale anayamikira kuti mkamwini uyu ndi wa manja abwino. Tsono manja abwinowo ankaveka ndani ku Zóbuè?

Arminda anakwera shapa, minibasi ya ku Zóbuè, m'mawa, mtima uli phuluphulu, atakonzeka kukang'amba kapulanayo pathupi pa mwini wake. Atafika pabenchi ya Márcia anapeza mkazi wamtali, wovala buluku ndi magalasi, akufunsa za bambo wokonda kugula kapulana imodziimodzi, wosalankhulalankhula.

"Ndiye ndinu?" anatero Arminda. "Mukumufuna kuti akuonjezereni ina? Amuna anatha kwanu?"

Mkaziyo sanakwiye. Anatulutsa chiphaso.

"Dzina langa ndi Luciana, mayi. Ndine wapolisi wofufuza. Mwina munamva za akazi amene akhala akupezeka atafa m'mbali mwa msewu uno."

Ndani sanamve? Ku Moatize ena ankati ndi za mankhwala a m'migodi, ena ankati ndi alendo.

"Si za zizimba," anatero Luciana. "Wakuphayo pathupi sachotsa kanthu. Ine dzina lake sindikulidziwa, koma khalidwe lake ndikuliona. Msewu uno amaudziwa, ndipo akaima sadabwitsa munthu. Sachita mwaphuma. Akatha amawagoneka bwinobwino, amawatseka maso, n'kuwafunditsa kapulana yatsopano, yosachapapo. Ameneyu anazolowera mitembo ali mwana, mwina maliro ndiwo malo okha amene anamuyamikirapo. Kunyumba ayenera kuti ndi munthu wachete, woti mkazi wake sangamuganizire."

Anayatsa foni n'kuwaonetsa chithunzi. Márcia anatembenuza nkhope. Arminda anayang'anitsitsa. Chibwano cha mtsikanayo chinali chomangidwa ndi kansalu, mfundo ili kuseri kwa khutu. Mfundo imeneyo anaidziwa. Koma maso ake, osamva, anathamangira pa kapulana: yachikasu, ya maanga a nkhanga. Ndi mtundu womwewo umene anamulozera Silvério pamsika ku Tete, iye n'kungoti tiyeni, shapa itisiya.

Mantha anali nawo, koma tisaname, nsanje ndiyo inakula. Mtsikana wosadziwika n'komwe, wa m'mbali mwa msewu, anamusankhira mtundu, anamuongola miyendo, anamugwira nkhope mosamala. Iye wophika ndi kuchapa zovala zakuda bii ankangoona msana.

"Mwaonapo chiyani, mayi?" anafunsa Luciana. "Amuna anu amagwira ntchito yanji?"

Márcia anamuponyera diso Arminda, pakamwa pali yasa. Arminda anamuyang'ana wapolisiyo, khungu losalala, zala zopaka utoto, ndipo anaona mkazi winanso wofuna kumutengera Silvério, wodzitama kuti amamudziwa kuposa mwini wake.

"Amuna anga sagula kapulana," anayankha. "Simukuona chimene ndavalachi?"

Márcia ananena kuti madalaivala ogula nsalu ndi ambirimbiri, sangawakumbukire onse.

Pobwerera mushapa Arminda anakonza mawu oti akamufunse yekha, maso ndi maso. Anafika dzuwa litapendeka, n'kupeza kamiyau itaima kuseri kwa nyumba, chinthu chimene sichinkachitika pakati pa sabata. Silvério anali atakhala pakhonde, atasamba, kaphukusi kali pamwendo.

"Anzanga akuti anakuonani ku Zóbuè, mukucheza ndi alendo," anatero mofatsa. "Ndaganiza kuti ndakhala ndikukumanani nthawi yaitali. Landirani."

Arminda analandira. Anatsegula kaphukusiko, ndipo mtima wopusawo unadumpha ndi chimwemwe: yachikasu, ya maanga a nkhanga, ikununkha usitolo. Anaitambasula kuti adziyese m'chiuno. Apo m'pamene anaona kuti m'mphepete mwake munali mutang'ambidwa kale kansalu.

"Tiyeni m'nyumba," anatero Silvério, akuimirira. "Kunja kuno kuli fumbi, ingade."