Manja a pa Khoma la ku Luchenza

Khoma la tiyirumu yakale ku Luchenza lili mbuu ndi fumbi, koma mayi wojambulidwa pamenepo akuthirabe tiyi. Nthunzi ili tolo, zala za mayiyo zapindika pa ketulo ngati zikumva kutentha. Pansi pake pali timalemba: E. Likongwe, 1978.

Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikulondola dzina limeneli. Ndinalipeza kwa ometa tsitsi ku Limbe, ndinalipeza pa butchala ku Thyolo, ndinalipeza pa bala ku Mulanje litakwiririka ndi laimu. Ku yunivesite, kumene ndimaphunzitsa mbiri ya zojambula zamakono, anzanga ankati izi ndi zikwangwani chabe. Ine ndinakakamira, mpaka ndinalemba buku lonse la malemu Eliyasi Likongwe, mmisiri wa penti. Bukulo linali kale kwa osindikiza.

Funso limodzi linkandisowetsabe mtendere. Bwanji pa makoma ena manja ali ngati zinangwa, pa ena ali amoyo?

Tsiku lina ndili ku Luchenza kuja, dzuwa likuswa mtengo, ine chilili, maso pakhoma la tiyirumu ija. Mayi wachikulire wogulitsa nthochi pakhondepo anandiyang'ana mpaka anatopa.

"Amayi, khomali lakulakwirani chiyani?"

"Ndikusirira manjawa, mayi. A Eliyasi anali katswiri."

Anaseka mpaka misozi.

"A Eliyasi? Amuna anga aja ankadziwa zilembo basi. Manja ankawakanika. Ine ndine Esinati."

Anatola khala, anatenga kope langa. Kwe, kwe, kwe. Papepala panatuluka dzanja langa lomwe, ndi kachipsera ka pachala chachikulu, ndi mmene ndimafinyira cholembera ndikakhala ndi mantha.

"Mkazi pa makwerero, pamsewu, nthawi imene ija? Anthu akanatiseka. Ndinkajambula m'mamawa misika isanadzaze, iwo n'kudzalemba zilembo. E ameneyo ndi wa tonse awiri."

Ndinakumbukira buku langa lija. Masamba mazana atatu, onse onena za munthu wina. Ndinadikira kuti manyazi andigwire, koma chimene chinabwera ndi njala, njala ya mafunso, mafunso ochuluka ngati ngumbi mvula yoyamba ikagwa.

Ndinaimbira osindikiza kuti ayambe aima. Kenako ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, kope pamwendo.

"Mayi, munayamba liti?"

Anakankhira dengu la nthochi pambali.

"Sendererani kuno kumthunzi. Nkhaniyi ndi yaitali, ndipo palibe anandifunsapo."