Phiri Kawiri

Mlandu wonse unali wa ine Clara, ndivomere ndekha anthu asanandiloze chala. Ndine amene ndinamuuza Ryan kuti akonzekere funso la mfunda.

Ryan Pendleton ndi chibwenzi cha Pempho, mwana wa achimwene anga a Ernest Phiri. Ine ndi Ryan timagwira ntchito pachipatala chimodzi ku Salford, ine ndine namwino, iye amajambula mafupa. Ndi mzungu wamtali, wa tsitsi lofiirira, wamanyazi, woti ukangomuyamikira makutu amafiira. Pempho atandinong'oneza kuti akufuna kupita naye ku Leeds akamuonetse kwa bambo ake, ndinadziwa kuti pali ntchito. Achimwene anga anali atabweza kale anyamata awiri, wina chifukwa sanavule chipewa, wina chifukwa anawaitana kuti "Ernie". Pempho anandiuza mosabisa kuti uyu yekha akabwezedwa, mtima wake usweka, koma ukwati wopanda mdalitso wa bambo ake sakuufunanso.

Kwathu nkhani yotere ndi ya ankhoswe, bambo sayiyandikira. Koma malume ake a Pempho ali ku Dedza ndipo foni yawo imagwira akakwera pachulu, choncho achimwene anadzipatsa okha udindo wonse.

Ndinamukhazika pansi Ryan pa nthawi yopuma. Ndinamuuza kuti akavule chipewa, akapereke moni ndi manja awiri, ndipo asakayerekeze kupsompsona Pempho ngakhale pachipumi. Kenako ndinamufotokozera za mfunda, dzina la fuko limene munthu amabadwa nalo.

"Akakufunsa kuti mfunda wako ndani," ndinatero. "Usakangoti kakasi."

"Ine ndili ndi Pendleton basi," iye anayankha. "Ngati dera lija timadutsa pa basi pobwera kuno."

"Ndiye kafufuze tanthauzo lake. Dzina silimera lokha ngati bowa."

Ndikanadziwa kuti mwanayu ndi wakhama chotero, ndikanatseka pakamwa pangapa. Anapita kulaibulale masiku awiri a Loweruka otsatizana, ndipo zimene anapezazo sanauze aliyense, ngakhale Pempho. Ankafuna kutidabwitsa.

Lamlungu masana tinafika ku Leeds anthu anayi: ine, Pempho, Ryan ndi mayi ake, a Kate, mayi wamfupi wa mawu aakulu amene anagwira ntchito yophikira ana asukulu kwa zaka makumi atatu. Achimwene anatilandira atavala suti ya kutchalitchi. Ryan anavula chipewa ali panja penipeni, mvula ikumunyowetsa, n'kupereka moni ndi manja awiri. Ndinaona nkhope ya achimwene ikuyamba kumasuka. Tinamwa tiyi ndi mandasi, a Kate anadya atatu n'kufunsa kaphikidwe kake. Zonse zinkayenda ngati madzi.

Kenako achimwene anaika kapu pansi.

"Young man," anatero, "mfunda wanu ndani? Your clan."

Ryan anaimirira. Anatulutsa kapepala m'thumba n'kufotokoza m'Chingerezi kuti dzina lakelo ndi mawu atatu omatidwa pamodzi. Loyamba, pen, ndi la chiyankhulo cha anthu akale kwambiri a dziko lino, ndipo limatanthauza phiri. Anthu ena atabwera pambuyo pake sanalimve, choncho anawonjezerapo lawo lakuti hill, lotanthauzanso phiri. Lomaliza, ton, ndi mudzi. Atatero anapinda kapepalako, n'kuyang'ana achimwene m'maso, n'kunena m'Chichewa chimene analoweza yekha:

"Bambo, ine ndine Phiri. Phiri kawiri."

Anamwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Achimwene anaimirira, n'kumugwira Ryan mapewa onse awiri.

"Mbale wanga!" anatero. "Twenty years m'dziko muno, osadziwa kuti ndili ndi achibale ku Salford." Anatembenukira kwa Pempho. "Ukwati palibe. Phiri sakwatira Phiri. Uyu ndi mlongo wako."

"Daddy, look at him!" Pempho anakuwa. "He's ginger!"

"Magazi saona tsitsi, mwanawe."

Apa ine ndinapsa mtima. "Achimwene, musatichititse manyazi pamaso pa alendo. Masiku ano a Phiri angati akwatirana okhaokha kumudzi? Msuweni wathu Thumbiko uja anakwatira ndani? Pa wedding yake simunavine inu mpaka nsapato kung'ambika?"

"Uja anali Phiri kamodzi," anayankha. "Uyu wanena yekha kuti ndi kawiri."

Ndinawadziwa achimwene anga. Mwambowo sanaukhulupirire kwenikweni, anangoupeza panjira ngati ndodo n'kuutola. Koma munthu akakumenya ndi mwambo umavutika pomubwezera. Pempho anali atayamba kulira, Ryan makutu ali psuu, akuyang'ana kapepala kake ngati kamupereka kwa adani. Ndinamumvera chisoni kwambiri mwana wa eni, ndipo ndinadzida ndekha.

A Kate anandikoka mkono kufunsa chimene chalakwika. Nditawafotokozera, anapukuta shuga m'manja, n'kuyang'ana achimwene mopanda mantha, monga mmene ankayang'anira ana okana kudya kabichi.

"Bambo Phiri, mwana wangayu wawerenga mabuku koma wasiya mbali yofunika," anatero m'Chingerezi. "Dzina limeneli si la magazi. Apongozi anga ankalifotokoza bwino. Kalekale anthu kuno anali ndi dzina limodzi lokha. Munthu akachoka ku Pendleton kukafuna ntchito kwina, kumeneko ankamutcha uje wa ku Pendleton, pomusiyanitsa ndi anzake. Otsala kumudzi sankatchedwa choncho. Akanatchedwa bwanji, poti onse anali a komweko? Ndi dzina la anthu amene anachoka kwawo."

Achimwene anakhala pansi pang'onopang'ono. Kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito, nkhalamba zina zimene zimalephera kusunga mayina zimangowaitana kuti "Malawi", ndipo iwo amayankha. Ndinaona kuti mawu a mayiwo awafika penapake.

"Ndiye makolo a mnyamatayu anachoka," anatero motsitsa mawu. "Liti?"

"Ndani akudziwa? Mwina zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo."

"Anapita kuti?"

"Ku Eccles."

"Eccles ndi dziko liti?"

Ryan anakweza mutu. "Si dziko, bambo. Ndi komwe timakhala mpaka lero. Kuchokera ku Pendleton ndi mphindi khumi pa basi, mwina khumi ndi zisanu msewu ukadzaza."

Achimwene anayang'ana Ryan, anayang'ana a Kate, kenako anayang'ana ine ngati akufuna umboni. Ndinagwedeza mutu kuti n'zoona. Kuseka kunawayambira m'mimba. Anayesa kukubisa ndi chikhatho koma kunawapambana, mpaka anagwira tebulo, makapu akulira.

"Seven hundred years!" anatero akupuma movutikira. "Clara, wamva? Banja lonse, zaka mazana asanu ndi awiri, ulendo wake ten minutes! Ine tsiku limodzi lokha ndinakwera ndege ziwiri!"

A Kate nawo anayamba kuseka, ine ndinatsatira, ngakhale Pempho anaseka misozi ili m'masaya. Achimwene anatulutsa kampango n'kupukuta m'maso, ndipo anapukuta nthawi yaitali kuposa mmene kuseka kumafunira. Atayankhulanso, anayankhula kwa ine ndekha, m'Chichewa, mawu ali pansi.

"Ine nditachoka, amayi sindinawaonenso. Ndimaopa kuti wina adzanditengera uyu kutali chimodzimodzi." Anamuyang'ana Ryan kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma mtundu uwu suyenda. Awa sangamufikitse kulikonse."

"Ndiye ndiwauze chiyani alendowa?" ndinafunsa.

"Uwauze kuti ndavomera. Komanso uwafunse mayiwa ngati ku Eccles kumapezeka nyumba za lendi. Ndikufuna yaing'ono, yoyandikana ndi ana angawa."