Mawu a Malemu Asiyatu pa Intaneti

Lachiwiri lina pa nthawi ya buleki, foni ya Felicia Namaona, mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale ina ku Chilobwe, inalira ndi nambala yachilendo. Woimbayo anali bambo wachikulire, ndipo sanapereke n'komwe moni.

"Kodi ndinu amene mwaika mkazi wanga pa intaneti?"

Felicia anangoti kukamwa yasa. "Pepani bambo, mwina mwalakwitsa nambala."

"Sindinalakwitse. Nambalayi munailemba nokha pansi pa pulogalamu ya Dinani Chilembo. Ine ndine Kalimu, ndimakhala ku Nancholi. Pulogalamuyo ndinapanga ndine." Atatero anadula foni.

Tiyi wa Felicia anazizirira m'kapu. Pulogalamuyo ankaidziwa bwino. Miyezi itatu m'mbuyomo anagula katoni ya zimbale zakale za makompyuta kwa mavenda a ku Limbe, aja amayala mawaya ndi machaja pansi. Zambiri zinali zakufa, koma chimodzi chinatseguka. Inali pulogalamu ya m'chaka cha 2001 yophunzitsa ana kutaipa m'Chichewa. Mawu ofatsa a mayi ankati, "Dinani chilembo M," ndipo mwana akadina bwino ankati, "Mwakhoza, mwanawe!" Makompyuta okalamba a pasukulupo, omwe ankakana chilichonse chatsopano, anailandira ngati m'bale wawo. Ana a Fomu 1 amene ankaopa kiyibodi ngati njoka anayamba kulimbirana mipando.

Koma chimbalecho chinali chokalikakalika, ndipo Felicia ankada nkhawa kuti tsiku lina chidzafa. Apa m'pamene panalowerera Arthur, mphunzitsi mnzake wa Jogalafe, munthu amene sanayambe wanenapo mawu oti "sindikudziwa" chibadwire.

"Pali tsamba pa intaneti losungirako mapulogalamu akale," anatero Arthur. "Ikani pamenepo, madamu. Izi n'zamasiye izi. Chinthu cha 2001, mwini wake mukam'peza kuti? Bola simukugulitsa, palibe mlandu."

Felicia anaikadi, n'kulemba nambala yake kuti aphunzitsi ofuna thandizo azimuimbira. Anthu oposa mazana anayi anatsitsa pulogalamuyo. Mphunzitsi wina wa ku Mzimba anachita kuimba foni kuthokoza, ndipo Felicia anayenda sabata yonse ali wonyadira.

Tsopano anathamangira kwa Arthur yemweyo ndi nkhani ya foni ija.

"Mblokeni basi," anatero Arthur akutafuna mandasi. "Anali kuti zaka zonsezi? Waona kuti zatchuka ndiye akufuna aonekere. Ndipotu akuyenera kukuthokozani ameneyo."

A hedi, atamva, anangogwira kumutu. "Chotsani lero lomwe, madamu, sukulu ingalowe m'milandu. Komatu ana musawasiyitse, makolo akuiyamikira."

Felicia anatuluka mu ofesimo mutu utaima. Achotse koma asasiye, zimenezi zikutanthauza chiyani? Chimbale anagula ndi ndalama zake. Sanagulitse kwa munthu. Sananame kuti anapanga ndi iye. Nanga kuba kwake kuli pati? Koma ngati sanalakwe, n'chifukwa chiyani mtima unkamugunda chonchi? Ndipo za mkazi zija zikubwera bwanji? Akamaganiza kwambiri m'pamene zinkasokonekera kwambiri.

Ataweruka anakwera minibasi ya ku tauni kukaonana ndi mayi Sharon Chikaonda, mnzake wa kwaya ku tchalitchi, amene wagwira ntchito ya ku laibulale zaka makumi awiri. Mayi Chikaonda anamvetsera nkhani yonse osamudula.

"Kusunga zakale ndi ntchito yabwino, Felicia, ndipo ndi imene ine ndimadyera," anatero. "Koma kusunga ndi kugawa ndi zinthu ziwiri. Chimene unagula ku Limbe ndi chimbale, osati ntchito ili m'katimo. Ukagula buku, bukulo ndi lako, koma sungalifotokope n'kumagawira dziko lonse."

"Ngakhale litakhala lakale, losapezekanso m'sitolo?"

"Ukalamba suchotsa umwini. Lamulo limateteza wolemba pulogalamu monga limatetezera wolemba buku kapena woimba, ndipo chitetezocho sichitha chifukwa choti munthu wasiya kugulitsa. Nyumba ikakhala yotseka zaka khumi, kodi umathyola loko n'kulowetsamo anthu poti ukuwamvera chisoni?"

"Koma Arthur anati bola osagulitsa."

"Arthur aziphunzitsa za mapiri ndi mitsinje," anatero mayi Chikaonda. "Ndikufunse, dzina la mwini wake silinalembedwe paliponse?"

Felicia anazyolika. Linalipo. Pulogalamuyo ikamatseka pankatuluka timawu takuti K. Kalimu, Limbe, ndi nambala ya bokosi la ku positi. Anationa kambirimbiri, koma sanaganizepo kuti kuseri kwa dzinalo kuli munthu wopuma.

"Ukanayamba ndi pamenepo. Ifenso tikapeza chinthu chakale timachisunga bwino, timalemba mbiri yake, kenako timafunafuna mwini wake kapena abale ake. Akalola, timalemberana. Akakana, timasunga osagawa. Tsopano chotsa kaye pa tsambalo, ndipo upite wekha ku Nancholi. Nkhani ngati iyi si ya pa foni."

Loweruka m'mawa Felicia anatsika minibasi ku Nancholi n'kufunsira mpaka anapeza nyumbayo. A Kalimu anali bambo wa zaka za m'ma 70, wochepa thupi, atavala kofiya yoyera. Anamupatsa mpando pakhonde, ndipo Felicia anadabwa kuti sanaoneke okwiya. Akanakalipa mwina zikanamupepukira.

"Ndinkagwira ntchito ya kompyuta pa holoselo ya a Wahab ku Limbe," anayamba a Kalimu. "Mkazi wanga Asiyatu ankaphunzitsa Sitandade 2. Ndi iye anandiumiriza kuti ndipange kanthu ka ana m'Chichewa. Mawu aja mukuwamva ndi ake. Tinajambulira m'chipinda ichi, titatchinga mawindo ndi mabulangete kuti nkhuku zisamveke."

A Kalimu analoza chipinda cha pambali pa khondelo, n'kupitiriza.

"Anatisiya mu 2004. Ndinasiya kugulitsa, zimbale zotsala ndinatsekera m'sutikesi. Abale atabwera kudzagawa katundu, zitenje zinapita, makina osokera anapita. Titafika pa zimbalezo, mkulu wake wa Asiyatu anati, 'Izi ndi mawu a munthu, sizigawidwa ngati mbale. Zikhale m'nyumba muno mpaka ana adzakule, tidzakhale pansi.' Ana anakula, koma ine mtima sunalimbe. Zaka zoposa makumi awiri sindinamvepo mawu amenewo."

Anasisita bondo.

"Sabata yatha ndili mu minibasi kuchokera ku Limbe, mayi wina pambali panga ankaonera kavidiyo ka ana a sukulu pa foni. Ndinangomva, 'Mwakhoza, mwanawe!' Ndinatembenuka kumufunafuna Asiyatu. Munthu wamkulu ine, ndinatembenuka. Ndinatsikira pa Chichiri osadziwa kumene ndikupita. Mwana wanga wamkazi ndi amene anafufuza n'kupeza tsamba lanu lija."

Felicia anatsika pampando n'kugwada, misozi ili mbwembwembwe. "Bambo, ndikhululukireni. Sindinadziwe. Ndachotsa kale pa tsambalo."

"Nanga amene anatsitsa kale aja?"

Anthu mazana anayi, ndi ena amene anapatsidwa ndi anzawo pa mafulashi, Felicia akanawapeza kuti? Madzi akatayika saoleka.

"Koma bambo," anatero Felicia, "chimbalecho chinali pafupi kufa. Ana akuphunzira nacho. Mpaka pano sindikumvetsa ngati ndinachita chabwino kapena choipa."

"Dzukani, khalani pampando," anatero a Kalimu. "Kuchisunga munachita bwino. Asiyatu akanasangalala kumva kuti ana a ku Chilobwe akutaipa. Mukanangogogoda pakhomo pano, ndikanaitana alamu anga ndi ana, tikanakhala pansi, tikanalira, kenako tikanakuyankhani. Mwina tikanavomera. Ndikuganiza kuti tikanavomera ndithu."

Anamuyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba.

"Koma inu munavomera m'malo mwathu."

Phunziro: Pulogalamu ya pakompyuta, nyimbo kapena buku sizikhala zopanda mwini chifukwa choti n'zakale kapena sizikupezekanso pamsika. Musanaziike pa intaneti, funafunani mwini wake ndipo mupemphe chilolezo, pakuti mwina ali ndi chifukwa chimene inu simukuchidziwa, ndipo chimene chafalikira sichibwezeka.