Tebulo Lopotoka ndi Kagalimoto ka Mayi Liwiro

Mayi Liwiro sanabadwe ndi dzina limeneli ayi. Analitola atakula kale, ali ndi adzukulu, pabwalo loimikapo magalimoto la kuseri kwa sitolo yaikulu. Kumeneko Lamlungu masana sitolo ikatseka, anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, amayala mapaipi pansi n'kumathamangitsa timagalimoto toyendetsa ndi rimoti.

Kagalimotoko anagula ndi mwana wawo wamkazi, ati bambo ake azitayirako nthawi atapuma pantchito ya ukalipentala. Koma bambowo atangogwira rimoti, kagalimoto kanakalowa pansi pa benchi. Atayesanso, kanakagunda phazi la mlonda. Mayi anati, "Tabweretsani kuno ndione." Basitu, rimoti sinabwererenso.

Ntchito inagawika yokha: mayi kuyendetsa, bambo kukonza. Ndipo a Kalipentala anaikonda ntchitoyo kuposa chakudya. Ankayala timasikuluu ndi timasipanala pa tebulo lodyera, magalasi ali pamphuno, akuimba mluzu. Mayi akapambana, bambo ankayenda bwalo lonse chifuwa chili patsogolo, kuuza aliyense kuti, "Mwaiona ntchito ya manja?"

Mavuto anayamba bambo atasintha masipuling'i. Kagalimoto kanasanduka kena. Kukakhotetsera kumanzere kankazungulira pamodzimodzi mpaka kuyang'ana komwe kachokera. Kumanja kankachita kukana, n'kukapsopsona paipi.

Mng'ono wawo wa bambo, yemwe ali ndi shopu yometera ndipo nayenso amathamangitsa kake kofiira, anapezerapo pakamwa.

"Alamu!" anakuwa a Ometa, kagalimoto kawo kakudutsa. "Galimoto yanuyo yamwa chiyani? Tiuzeni nafe tikagule!"

"Inu mukamameta anthu mumawalongololera chonchi?" anayankha mayi. "N'chifukwa chake amatuluka khutu limodzi lili ndi pulasitala."

Anthu anaseka, mayi nawo anaseka, koma bambo sanaseke.

Sabata yonse a Kalipentala anasakasaka vutolo. Anayamba ndi kabatani ka pa rimoti kowongolera matayala akutsogolo kuti aime chilili. Kanali bwino. Anayeza timikono tiwiri tokoka matayalawo, anapeza kuti n'tofanana. Anamasula kamota kokhotetsa matayala, n'kumvetsera ngati mano ake akudumpha. Palibe. Matayala akumanja anawaika kumanzere, akumanzere kumanja. Anathira mafuta atsopano m'timapampu ta m'kati mwa masipuling'i, n'kudikira moleza mtima kuti thovu lonse lituluke. Pomaliza ankakhazika kagalimoto pa tebulo, kuyeza ndi rula mpata wa pansi pake mbali zonse zinayi, n'kumanga kapena kumasula timphete ta masipuling'i mpaka mipata ifanane ndendende. Akakayesa pakhonde, kagalimoto kankazunguliranso ngati galu wothamangitsa mchira wake.

Loweruka masana bambo anavula magalasi n'kuwaika pambali. "Mayi," anatero, mawu ali pansi, "ine ndatha. Maso atha, manja nawo atha. Mawa kakachitanso zomwezi, mupeze wina wokukonzerani. Ine ndizingokhala pakhonde ngati anzanga."

Mayi mtima unawawa. Anawadziwa amuna awo: akanena kuti azikhala pakhonde, adzakhaladi, ndipo mluzu uja sudzamvekanso m'nyumba.

Nthawi yomweyo kasikuluu kena kanayamba kugubuduka pa tebulo. Kanadutsa pafupi ndi shuga, n'kulunjika pakona pomwe mayi amakhala. Mayi anakawakha osayang'ana n'komwe, monga ankawakhira mazira, malalanje ndi mapensulo a ana zaka zonsezi. Atakagwira m'manja, mtima unagunda kuti thi!

Tebulo!

Tebulo limeneli a Kalipentala analikhoma okha ali mnyamata, n'kulisenza pamutu kudzapereka kwa mkazi wawo atangokwatirana. Mlendo aliyense ankamva mbiri yake asanamwe madzi. Koma matabwa ake anali asanaume bwino, ndipo m'chaka choyamba chomwe linapotoka pang'ono, kona imodzi n'kutsika. Ndi maso sungaone, koma tiyi akatayika ankadziwa njira yake. Mayi anazindikira kalekale, n'kusankha mpando wa pakona yotsikayo, kukamwa n'kutseka. Tsopano taonani! Bambo ankafananitsa mipata pa tebulo lopotoka, ndiye kuti sipuling'i imodzi ankaimanga kwambiri kuti ilipire mlandu wa tebulo. Kagalimoto kakafika posalala kankaponda molimba ndi tayala limodzi, lina likungonyambita pansi.

Nanga anene bwanji? Akakhala chete, bambo asiya kukonza. Akanena, anyoza tebulo la ukwati. Mayi anakatembenuzatembenuza kasikuluu kaja m'manja, kenako anadzuka n'kulowa kuchipinda. Anatulukako atanyamula galasi lalikulu loonerapo nkhope, n'kuligoneka pansi pa simenti.

"Bambo, tayezerani apa."

"Mwayamba kudwala mutu? Galasi la kuchipinda?"

"Tangoyezani, mundinyoze pambuyo."

Bambo anagwada akung'ung'udza, n'kukhazika kagalimoto pa galasi. Analowetsa rula kutsogolo kumanja, kenako kumanzere. Anapukuta magalasi awo n'kuyezanso. Mipata inali yosiyana moonekeratu. Anakanyamula n'kukabweza pa tebulo: yofanana. Pa galasi: yosiyana. Anayang'anitsitsa tebulo lawo.

Kenako anapita kukhitchini, n'kubwera ndi dzira. Analikhazika pakati pa tebulo n'kulisiya. Dzira linaganiza pang'ono, n'kunyamuka ulendo wa kwa mayi. Mayi analiwakha.

"Linayamba liti?" anafunsa bambo.

"Mwana wathu woyamba asanabadwe."

"Ndiye zaka zonsezi mumakhala pakona imeneyo..."

"Nanga tiyi wanu akanatayikira ndani? Alendo?"

"Ine ndimayesa mumakhalapo kuti muzindiona bwino nkhope!"

"Nkhope yake iti?" anatero mayi, osadziwa ngati bambo akwiya kapena alira.

Bambo anaphulika nako kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi pafupi ndi galasi, misozi ili mbwembwembwe. "Ndiye kuti manja angawa ndi abwinobwino! Wolakwa ndi mnyamata uja anakhoma tebulo ndi matabwa aawisi chifukwa chothamangira mkazi!"

"Ameneyo musamunene," anatero mayi. "Ndinamukonda ndine."

Mpaka dzuwa kupendeka anali chogwada pambali pa galasi, mitu ili pamodzi. Bambo anamasula timphete tonse n'kuyambiranso. Atafananitsa mipata, analowetsa nsonga ya mpeni pakati penipeni kutsogolo kwa kagalimoto n'kukatukula pang'onopang'ono, mayi atagona chammbali kuyang'anira matayala. Ulendo woyamba lakumanzere linayamba kunyamuka. Bambo anapotoza kamphete pang'ono. Atatukulanso, onse awiri ananyamuka limodzi. Mluzu unabwerera wokha.

Lamlungu a Ometa anawalandira ndi pakamwa pawo pomwe paja. "Alamu, lero mwabweretsa chidakwa chija? Ndakusungirani malo kumbuyo."

Mbendera itatsika, kagalimoto ka mayi kanalowa kona yoyamba ya kumanzere kali phee, matayala onse ali pansi. Kumanja chimodzimodzi. Kofiira ka a Ometa kanali patsogolo, mayi akukatsata pamchira, osapupuluma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pozungulira komaliza a Ometa anatembenuka kuti aponye mawu ena, kagalimoto kawo n'kutaya kona pang'ono. Mayi analowera m'kati ngati akulowa m'khitchini mwawo.

Eee, phokoso lake! Mlonda uja anaponya chipewa m'mwamba. A Kalipentala anathamanga bwalo lonse, rula ili m'manja, bondo lawo lowawa ataliiwala.

"Achimwene, mwakachita chiyani kagalimotoka?" anafunsa a Ometa, manja ali m'chiuno.

"Takaonetsa pa galasi," anayankha bambo. "Kanadziona, manyazi n'kukagwira."

Atafika kunyumba bambo analunjika kokatenga zida zawo. "Tebuloli ndilipala lero lomwe, liwongoke."

"Mungoyerekeza!" anatero mayi, ataima kutsogolo kwake. "Kagalimoto muziyezera pa galasi. Tebulo langa mulisiye momwe lilili."

Bambo anawayang'ana, n'kubweza zida. Mayi atabwera ndi tiyi anapeza mpando wawo wa pakona uli ndi munthu.

"Bambo, mwasokera. Malo anu ndi uko."

"Ndakhala pano basi."

Mayi anakhala kumtunda, malo achilendo, n'kuyamba kuthira tiyi. Kaya inali ngozi, kaya anachitira dala, palibe akudziwa, koma kapu inasefukira. Tiyi anayenda njira yake yakale, kudutsa pafupi ndi shuga, mpaka kukagwera pa thalauza la a Kalipentala.

Bambo anadumpha pang'ono, poti anali wotentha ndithu, koma sanasunthe mpando. "Thirani wina, mayi," anatero akupukuta bondo. "Zaka zotsalazi ndi zanga."