Khomo Lopanda Chitseko

Tchalitchi cha kwawo kwa amuna anga chilibe chitseko. Felemu ilipo, koma ukatsika masitepe atatu uli pamsewu wa galimoto.

Nditangokwatiwa ndinkayesa ndi umphawi. Apongozi ndiwo anandiuza kuti kalekale anthu khumi ndi awiri anatsekeredwa kunja kwa tchalitchi china chifukwa chofunsa mafunso, mvula ikuwakhuthukira. Atamanga chawochi analumbira kuti khomo lawo silidzatsekedwa mpaka Ambuye adzabwere.

Mbiriyo ndinkaikonda, kufikira mwana wanga atayamba kuyenda. Kunyumba timamutcha Kaliwiro. Kumbuyo amakana, pamwendo amaterereka ngati sopo. Anthu akatsinzina kupemphera, ine diso limodzi lili pakhomo.

Ndinapita kwa mkulu wa mpingo.

"Bambo, bwanji tiike kachitseko kakafupi, kofika m'mawondomu?"

"Mwana wanga, kachitseko ndi mwana wa chitseko. Akakula?"

"Nanga benchi?"

"Benchi yopingasa ndi chitseko chogona."

"M'mangeni chingwe," anatero alamu anga akuseka nditawafotokozera kunyumba. "Mbuzi zathu sizithawa."

Apongozi anangoti, "Mwamuna wakoyo anakulira pomwepa, galimoto sinamugunde."

"Amayi, nthawi imeneyo pankadutsa galimoto zingati?"

"Wayamba kufunsa mafunso."

"Si mmene mpingo unayambira?"

Sanandiyankhule masiku awiri.

Lamulungu lotsatira ndinangowerama kutola botolo la madzi. Podzuka, mwana palibe. Ndinalumpha miyendo ya amayi a kwaya, nsapato imodzi n'kutsala pansi pa benchi. Ndinam'peza pa sitepe yomaliza, wanjinga yamoto ataima chopingasa, akutukwana mpingo wonse ndi makolo ake omwe. Kaliwiro ankamuwombera m'manja.

Ndinabwerera n'kuima pakati pa khomo, mwana m'manja.

"Pano sindichoka," ndinatero, abusa ali pakati pa ulaliki. "Kaya mundichotsa mumpingo, ndichotseni."

Akuluakulu anakhala pansi tikuweruka. Ine ndinadikira panja, ndikumva wina akunena za lumbiro, wina za chingalawa cha Nowa, choti chinali ndi chitseko koma anatseka ndi Mulungu yekha. Patatha maola awiri mkulu uja anatuluka nkhope ikuwala.

"Tapeza njira, mayi. Thabwa siliyenera kuima pakhomopa, koma munthu angathe, malinga akhale wolandira alendo. Takusankhani inuyo."

"Tizisinthana ndi ndani?"

"Mwayamba bwino ndinu."

Papita miyezi inayi. Ndimaima maola atatu, dzanja ili kupereka moni, mwendo uwu kutchinga Kaliwiro. Amayi ena aona kuti pakhomo pali mlonda, ndiye nawonso angomasula awo. Sabata yatha ndinabweza ana asanu ndi awiri, wina anandiluma bondo. Ulaliki sindinaumvenso, koma apongozi akuti ukukoma kwambiri masiku ano, poti m'tchalitchi mulibe wothamangathamanga.