Bokosi la Esinati Lisanakhomedwe

1.
Anapambana. Sanapambane. Anapambana.

Pamaliro penipeni, anthuni! Esinati ali m'bokosi m'nyumbamo, amayi asasa mawu ndi nyimbo, koma amuna pansi pa mtengo wa mango akukangana za nkhondo ya eni. Wailesi yanena m'mawa kuti asilikali a dziko lalikulu lija, amene analanda dziko lamchenga kutsidya kwa nyanja, akwera ndege onse kubwerera kwawo.

2.
Rabisoni Chapola, mwamuna wa malemu, wakhala pa njerwa, manja atawapana pakati pa mawondo. Dzuwa likafika pamutu amuitana kukaona nkhope. Mwamuna ndiye amayamba, bokosi lisanakhomedwe. Koma chibwerereni ku dziko lamchengalo, kumene anali mlonda waganyu, Rabisoni sanasuzumirepo m'bokosi la munthu. Pamaliro a achimwene ake anabisala kuchimbudzi mpaka nyundo italira. Lero kothawira kulibe.

3.
Anapambana, akutero aphunzitsi a Mpinganjira, chipewa chili neng'a pamutu. Wolamulira wankhanza wa kumchengako uja anam'chotsa pampando, si choncho? Atsikana anayamba sukulu.

Piyasi wa kabaza akuseka ngati sali pamaliro. Aphunzitsi, wopambana amathawa nsapato zili m'manja? Mlendo akagwetsa nyumba yanu kuti aphe khoswe, mumati zikomo?

Khoswe wake ankadya ana, iwe.

Nanga nyumbayo anaimanganso? Tifunse amene anali konko. Bambo a Mwandida, tatiuzani, azungu anu aja anapambana?

Rabisoni akuyang'ana manja ake.

4.
Zimene Rabisoni anabwera nazo:
malata a nyumba ino,
makina osokera a Esinati,
fizi ya Mwandida mpaka folomu folo,
chifuwa cha fumbi,
manja awa.

5.
Pa geti pamene unkalonda paja, asilikali eniake ankaima patali kuseri kwa matumba a mchenga poopa kuti m'bokosi la maliro mukhoza kubisidwa bomba, ndiye ankakodola iwe, mlonda wa ku Balaka, iwe amene kwanu ukaona masamba atayalidwa pamsewu umatsika njinga n'kuvula chipewa, iweyo unkatsitsa bokosi padenga pa galimoto, n'kuvundukula, n'kumasula nsalu yoyera, n'kuyamba kupapasa kumutu, kuseri kwa khosi, m'khwapa, m'nthiti, kutsika mpaka kumapazi, anamfedwa akukuyang'ana, dzuwa likuwotcha, ntchentche zikuthandiza, kenako unkakweza dzanja kuti a kumatumba aja aone n'kufuula kuti mulibe kanthu, apite

6.
Mulibe kanthu, apite.

Ena ankatukwana, ena ankalavula. Zimenezo zinali bwino. Koma tsiku lina m'bokosi munali mayi, ndipo mwamuna wake, mdala wa ndevu zoyera, sanatukwane. Anangokonza nsalu pankhope ya mkazi wake, pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana Rabisoni. Basi. Manyazi ake mpaka lero amamuyabwa m'zikhatho.

7.
Ankadziwa ndi Esinati yekha. Manja aja akayamba kuyenda okha pa bulangeti, pa thumba la chimanga, pa mwana wogona, iye ankawagwira n'kunena kuti, a Chapola, kuno ndi ku Balaka. Pamaliro ankamunamira: bambowa adwala m'mimba. Mkazi ameneyu ananamira mwamuna wake mpaka kwa abusa, Mulungu amukhululukire.

Tsopano wonama uja ndiye ali m'bokosi.

8.
Mbiri ndiyo idzaweruze, akutero aphunzitsi.

Mbiri imadya chiyani? akufunsa Piyasi.

Anapambana. Sanapambane.

Mwandida, mwana wamkazi wa Rabisoni, wagwada pambali pa njerwa ija, maso atatupa. Ababa, atulutsa bokosi. Akudikira inu.

9.
Rabisoni anaimirira. Anthu anapatuka, amayi a mvano anatsitsa nyimbo. Mumtima ankangoti, ndiyang'ana nkhope yokha, nkhope yokha, kenako ndidutsa.

Nkhope. Esinati, duku lake loyera, kachipsera ka singano ya makina pachala. Misozi inabwera bwinobwino ngati ya mwamuna aliyense, ndipo anathokoza Mulungu kuti wakwanitsa.

Atayang'ana pansi anapeza manja ali kale m'bokosi.

Kumutu. Kuseri kwa khosi. M'khwapa. M'nthiti. Mwaluso, mwachangu, osalumpha malo. Nyimbo inafa. Mlamu wake anati, alamu, mukutani? Womukumbutsa kuti kuno ndi ku Balaka panalibe. Manja anafika kumapazi, lamanja linakwera m'mwamba, ndipo mawu anatuluka okha, aakulu, mpaka ana a pamsewu anamva.

Mulibe kanthu, apite!

10.
Mwandida sanalire, sanakalipe. Anawerama n'kukonza duku la amayi ake limene linapendekeka, pang'onopang'ono, kenako anawayang'ana bambo ake.

Rabisoni anawadziwa maso amenewo. Anawasiya pa geti, pankhope ya mdala wa ndevu zoyera.

11.
Kumbuyo kwa khamu, Piyasi wa kabaza sakusekanso. Akunong'ona.

Aphunzitsi, paja wailesi yati onse achoka?

Aphunzitsi a Mpinganjira avula chipewa.